Ndikukatenga vaneti yatsopano ku Lusaka, ndikayang'ane chiyani ndisanasaine?

Mayi wa Soya, Kapata:

Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Ndabwera ndi funso, koma mundipirire ndiyambe ndi komwe likuchokera.

Ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata. Ntchito yanga ndi yogula soya, nsawa ndi mpendadzuwa kwa alimi a ku Chadiza, ku Vubwi ndi cha ku Chiparamba, kenako n'kukagulitsa kwa ogula akuluakulu m'tauni. Zaka 11 zonsezi ndayendera magalimoto otha kale a ku Japan, aja amatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Yomaliza inandiliza chaka chatha mwezi wa Meyi. Inafera padambo lina kuseri kwa Vubwi itasenza matumba 14 a soya, netiweki kulibe, ndipo ndinagona momwemo mausiku awiri kulondera katundu pamodzi ndi mnyamata wondithandiza. Pofika kunyumba n'kuti nditatsimikiza kale mumtima kuti yotsatira idzakhala yatsopano, kaya ndiilipira zaka zingati.

Tsopano banki yavomera ngongole ya zaka zinayi. Ndasankha vaneti ya zitseko zinayi, ya dizilo, 4x4, ya giya ya pamanja, ndipo ndalipiriratu chitsulo chokokera ngolo ndi labala wa kumbuyo kosenzera katundu. Dzulo ogulitsa andiimbira kuti yafika kuchokera ku South Africa ndipo ikhala yokonzeka Lachisanu la sabata yamawa. Andipatsa njira ziwiri: ndipite ndekha ku Lusaka ndikaitenge, kapena dalaivala wawo aibweretse kuno ine ndingolipira mafuta ndi ulendo wake.

Amene ankadziwa za magalimoto pakhomo pano anali malemu amuna anga, anatisiya zaka zitatu zapitazo. Ine kuyendetsa ndimatha, kusintha tayala ndimatha, koma akanditsegulira boneti ndimangoona zitsulo. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 22, laisensi ali nayo, ndipo akungoti, "Amayi, yatsopano ndi yatsopano, muopa chiyani?" Koma ndalama izi ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo nyengo yogula mbewu yafika kale, masiku awiri a ku Lusaka ndi matumba ambiri amene anzanga andilanda.

Ndiye ndithandizeni. Ndipite kapena aibweretse? Ndipo ngati ndapita, ndikayang'ane chiyani ndisanagwire cholembera?

Makanika wa ku Down Shops:

Amayi, pitani nokha. Zina zonse ndinena pansipa zikutsamira pamenepa. Kuchokera kuno kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Chilichonse chimene mungachione galimoto isanatuluke pageti lawo ndi vuto lawo, ndipo amakonza tsiku lomwelo chifukwa akufuna siginecha yanu. Chimene mudzachionere kuno ndi nkhani ya mafoni, zithunzi za pa WhatsApp, ndi mawu akuti "mubwere nayo tidzaione". Ndagwira masipanala zaka zoposa 20, ndipo anthu obwera kugalaja kwanga ndi galimoto ya sabata imodzi akudandaula ndawaona ambiri.

Musaganize kuti yatsopano ndiye kuti sinakhudzidwe. Mavaneti ambiri amene timagula m'dziko muno amapangidwa ku South Africa: Hilux ku Durban, Ranger ku Pretoria, D-Max ku Gqeberha komwe kale tinkati Port Elizabeth. Amabwera atakwezedwa pamathiraki makilomita oposa 1,500, ena kudzera ku Chirundu, ena pamlatho wa Kazungula uja anautsegula mu 2021. Amamangidwa ndi malamba, amatsitsidwa, amaimikidwa pabwalo padzuwa, ena masabata, ena miyezi. Pa ulendo wonsewo pali manja ambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwerani basi Lachinayi mukagone kwa achibale, Lachisanu mukafike kwa ogulitsa m'mawa akangotsegula. Musalole kuilandira madzulo kapena m'kati mwa nyumba yawo ya magalasi momwe magetsi amawalitsa chilichonse. Auzeni aitulutse panja padzuwa, ndipo ikhale youma. Galimoto yongotsukidwa kumene, madzi akadali m'thupi, imabisa zokala.

Muyambe ndi nambala ya chasesi. Ili ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo mulibe I, O kapena Q, choncho mukaona chozungulira ndi ziro. Inadindidwa pachitsulo cha chasesi penipeni, kawirikawiri kuseri kwa tayala, ndiponso ili pakachitsulo kapena kapepala ka pamphuthu pa chitseko kapena m'boneti. Auzeni akuonetseni. Inu muziwerenga pachitsulo mokweza, mwana wanu azitsatira ndi chala papepala. Nambala ya injini chimodzimodzi.

Mukatero zungulirani galimoto pang'onopang'ono, mukuwerama kuti muziona thupi lake cham'mbali, osati molunjika. Pobonyoka pamaonekera bwino chomwecho. Yendetsani chikhatho m'mphepete mwa zitseko ndi pamwamba pa bodi ya kumbuyo. Yang'anani malabala a m'mawindo ndi m'zitseko: mukaona kafumbi ka penti pa labala wakuda, dziwani kuti mbali imeneyo inapoperedwanso, ndipo mufunse chifukwa chake. Mipata ya pakati pa chitseko ndi thupi ikhale yofanana kumanja ndi kumanzere. Mwana wanuyo akwere kumbuyo ayang'ane denga, chifukwa palibe amene amakumbuka denga. Galasi lakutsogolo mulione bwino pansi pa mawaipa.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa. M'mbali mwake muli mawu akuti DOT, ndipo kumapeto kwa mzere umenewo kuli manambala anayi. Mukaona 2324, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2024. Onse anayi akhale a mtundu umodzi, saizi imodzi, ndipo masiku awo asatalikirane. Tayala lachisanu ndi sipeya, imene imapachikidwa pansi pa bodi ndi tcheni. Musangosuzumira n'kunena kuti ilipo. Auzeni aitsitse inu mukuona, ndi zitsulo za m'galimoto momwemo, osati za m'galaja mwawo. Apo ndi pamene mudziwire ngati jeke ilipo, ngati sipanala ya mawilo ikukwana, ngati ndodo yotsitsira sipeya ili ndi zidutswa zake zonse. Inunso muphunzirepo katsitsidwe kake masana, osati usiku kudambo kwa Vubwi.

Musanailize, ikani dzanja paboneti. Ndimakonda injini ikhale yozizira, chifukwa batire lofooka ndi utsi wachilendo zimaonekera poliza koyamba. Tsegulani, solani kandodo ka oyilo, onani madzi a ledieta m'kabotolo kake, mafuta a mabuleki, ndi mitu ya batire ngati yamangidwa zolimba. Simufunika kukhala makanika: botolo lililonse lili ndi mzere wa pansi ndi wa pamwamba. Ndipo poti mumagula dizilo m'madera akutali, apempheni akuonetseni fyuluta ya dizilo, potulutsira madzi amene imatchera, ndi kapampu kopopera ndi dzanja. Dizilo wa m'zigubu ndi amene akupha mainjini atsopanowa, ndipo walanti sailipira zimenezo.

Mukatembenuza kiyi koyamba, timagetsi tonse ta padashibodi tiyake: ka oyilo, ka batire, ka ABS, ka airbag, ka injini. Injini ikalira tizime tonse, kupatula ka handibuleki ndi ka lamba. Kamene sikanayake n'komwe n'kokayikitsa mofanana ndi kamene kakana kuzima. Makilomita pa mita akhale ochepa, makumi angapo basi. Mukapeza mazana, afotokoze ndipo alembe.

Kenako muiyendetse nokha. Si kuzungulira bwalo lawo ayi, tulukani mumsewu ndi munthu wawo, wailesi itazima. Pamsewu wowongoka masulani manja pang'ono muone ngati ikukokera mbali, pondani mabuleki mwamphamvu kamodzi, lowetsani magiya onse mpaka livesi. Pezani malo a dothi muyese 4H (giya yokokera ndi mawilo onse anayi), muime mulowetse 4L (ya mawilo anayi yamphamvu, yoyenda pang'onopang'ono), muyese diff lock (chomanga mawilo a kumbuyo kuti azizungulira limodzi) ngati ilipo, muone kagetsi kake kakuyaka. Pa tala musaiyendetse mu 4x4 mukukhota, imamangika. Pobwerera muiimike pamalo oyera mphindi khumi injini ikulira, kenako mugwade muyang'ane pansi ngati pali dontho.

Mnyamata wa pa Airport Road:

Ulemu kwa akulu a galaja, koma inetu ndili mbali ya mwana wa amayiwa. Zonse mwanenazi ndi za galimoto ya sekondihandi. Yatsopano imabwera ndi walanti ya zaka, ndipo ogulitsa amachita okha PDI, kuiyendera galimoto yonse asanaipereke, amakhala ndi pepala lochonga chimodzichimodzi. Kampani yomwe ndimagwirako ntchito inalandira mavaneti atatu chaka chatha, anangowabweretsa pano, mpaka lero akuyenda popanda vuto. Amayiwa anena okha kuti nyengo ya soya yafika, ndipo tonse tikudziwa kuti masabata oyamba ndi amene mlimi amagulitsa kwa amene wayamba kufika ndi sikelo. Basi kupita, kugona, chakudya, ma toll gate pobwera, kuphatikiza matumba otayika masiku atatu, zonsezo chifukwa choopa kakala ka penti? Vanetiyi ikupita ku Vubwi, pakatha mwezi idzakhala ndi zokala za minga mbali zonse. Injini ikavuta, walanti ilipo. Amayi, aloleni aibweretse, inu muzigula soya.

Dalaivala Wopuma, Katete:

Mwana wanga wa pa Airport Road, zimene wanena za walanti ndi zoona theka. Walanti imalipira chimene fakitale inalakwitsa: injini, giyabokosi, zamagetsi. Siilipira pobonyoka, galasi losweka, jeke yosowa kapena kiyi wachiwiri amene sanaperekedwe. Zimenezo zimatha ndi kapepala kamodzi kotchedwa delivery note, pamene pamalembedwa kuti mwalandira galimoto ili bwino ndi zonse zake. Mukasaina, nkhani yatha. Ndipo kampani yanu ikataya jeke, imagula ina osamva kuwawa. Amayiwa akulipira m'thumba mwawo.

Ine ndinayendetsa magalimoto a bungwe lina la zaulimi zaka 26, ndipo kumapeto ndine ndinkatumidwa kukalandira atsopano ku Lusaka. Za zitsulo a makanika anena zokwanira. Ine ndinena za mapepala, chifukwa ndi amene anandigonetsa pa Mwami, pamalire a Zambia ndi Malawi.

Chaka china tinalandira vaneti yatsopano, ndinaiona thupi lonse, ndinasaina, ndinabwera nayo. Inayenda miyezi isanu. Tsiku lina ndinatumidwa ku Lilongwe kukatenga alendo, ndipo pachipata pa Mwami wapolisi anagwada n'kuwerenga nambala ya chasesi pachitsulo. Pachitsulo panali 8, papepala panali B. Munthu amene analemba invoyisi kwa ogulitsa ndiye analakwitsa, ndipo cholakwacho chinalowa m'mapepala onse otsatira, mpaka mu inshuwalansi. Wapolisiyo sanalakwe, anagwira ntchito yake, chifukwa galimoto zobedwa zimadziwika motero. Koma ine ndinakhala pamenepo mpaka mawa lake, alendo anabwera pa basi, ndipo kukonza chilembo chimodzicho kunatenga masabata asanu ndi limodzi ndi maulendo awiri a ku Lusaka, galimoto itaima. Tangoganizani ikanachita ngozi m'miyezi isanu ija. A inshuwalansi akanati galimoto imene tinaiteteza si imeneyi.

Choncho amayi, khalani pansi ndi mapepala onse patebulo, osathamanga: invoyisi, mapepala a ZRA, bungwe la misonkho, osonyeza kuti msonkho wolowera unalipidwa, white book (pepala la umwini wa galimoto) ya ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, road tax, ndi pepala la inshuwalansi. Paliponse pamene pali nambala ya chasesi, ya injini, ya nambala puleti, mtundu wa penti, dzina lanu ndi nambala ya chitupa chanu cha NRC, muwerenge. Poti ndi ya ngongole, mwina white book ikasungidwa ndi banki mpaka mutamaliza kulipira. Funsani a banki lero lomwe, ndipo ngati ndi choncho mutenge kope yodindidwa yoyenda nayo. Inshuwalansi iyambe tsiku lomwelo musanatuluke pageti, osati Lolemba lotsatira. Msewu wa Great East mukuudziwa.

Buku la sevisi likhale ndi chidindo chawo ndi tsiku loperekera galimoto, chifukwa walanti imayamba kuwerengedwa pamenepo. Muwafunse akuuzeni, ndipo alembe: sevisi yoyamba ndi pa makilomita angati, ndipo ndi galaja iti yovomerezeka kuno kum'mawa imene mungapiteko walanti osafa. Funso limeneli n'lofunika kuposa mtundu wa wailesi. PDI imene mnyamatayu watchula, pemphani pepala lake mulione, losainidwa ndi amene anaichita.

Makiyi akhale awiri, ndipo onse awiri muyese kulizira injini, osati kungotsegula chitseko. Kiyi wa masiku ano ali ndi kachipangizo m'kati, kupangitsa wina ndi ndalama zambiri. Matrayango awiri, chozimira moto ndi timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo tofiira kumbuyo, zikhalemo musananyamuke, chifukwa pa rodibuloko yoyamba akufunsani.

Ndipo chimene mwapeza chosalongosoka, ngakhale chaching'ono, chilembedwe pa delivery note pomwepo ndi tsiku limene adzakonze, manijala asaine, inu mujambule ndi foni. Mawu a pakamwa akuti "tidzakonza pa sevisi" amauluka, ndipo wogulitsa amene akumwetulira leroyo mwina chaka chamawa adzakhala atasamuka. Zikavuta kwambiri kuli a CCPC, bungwe la boma loteteza ogula pansi pa lamulo la 2010, koma nawonso choyamba adzakufunsani pepala.

Mlimi wa Fodya, Lundazi:

Ine ndi amene ndinasankha njira yachiwiriyo, ndiye ndikuuzeni momwe zinandithera. Zaka zitatu zapitazo ndinali pakalikiliki wa kumanga mabelo, ndinati aibweretse. Tinagwirizana kuti ndikailandirire ku Chipata masana. Dalaivala anafika cha m'ma 8 koloko usiku, akuti anachedwa kunyamuka, ndipo ankafulumira kuti akagwire basi ya m'bandakucha. Ndinaizungulira ndi tochi ya pafoni pafilling'i siteshoni, mtima uli m'mwamba ndi chisangalalo, ndinasaina.

Kutacha ndinaona kamwala katalasa galasi lakutsogolo pakona, mbali ya pasenjala. Pasanathe mwezi mng'alu unali utafika pakati. M'kati munkanunkha nsomba zouma, ndipo kuseri kwa mpando ndinapeza mamba ndi kapepala ka maswiti. Aliyense amene wadutsa pa Luangwa Bridge akudziwa kumene nsombazo zinakwerera. Munthuyo ananyamula anthu ndi katundu wawo m'galimoto imene ine mwini wake ndinali ndisanakhalemo, ndipo liwiro limene anathamanga nalo injini isanazolowere akulidziwa yekha. Nditaimba foni anandiyankha mwaulemu ndithu, koma yankho linali lakuti bambo, munasaina.

Choopsa chinabwera pambuyo. Tayala linaphulika cha ku Lumezi usiku, mayi a kunyumba ndi ana awiri ali momwemo. Jeke inalipo, sipanala inalipo, koma ndodo yotsitsira sipeya munalibe. Sipeya ndikuiona ili apo, kuitsitsa osatheka. Tinadikira maola atatu mpaka kunabwera vaneti ina ya mtundu womwewo, mwini wake anatibwereka yake. Mpaka lero ndikakumbuka ana aja akunjenjemera ndi mphepo m'mbali mwa msewu, mtima umandiwawa.

Ngati simungathe n'komwe kupita, mayi, muuzeni dalaivalayo afike dzuwa likadalipo, apo ayi agone muonane m'mawa, ndipo ogulitsa akutumizireni chithunzi cha mita isananyamuke. Koma ine nditati ndigulenso, ndikwera basi.

Mayi wa Soya, Kapata:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri ndipo ndakopera m'kope langa la masikelo. Achimwene a pa Airport Road, mwanena zoona za soya, ndipo zikundiwawa, koma ndapempha mng'ono wanga agwire sikelo ku Chadiza masiku atatuwo. Nkhani ya a ku Lundazi yandigwira pamtima, chifukwa kugona m'tchire ndikukudziwa. Ndipita Lachinayi ndi mwana wanga.

A makanika, ndifunsenso ziwiri. Ogulitsa anandiuza kuti imanyamula tani imodzi, ndiye ine ndawerengera matumba 20 a makilogalamu 50. Ndi zoona? Ndipo pobwera, ndinkaganiza zodzera pogula feteleza ndi matumba opanda kanthu ku Lusaka kuti ulendo usapite pachabe. Ndingaisenzetse tsiku loyamba lomwelo?

Makanika wa ku Down Shops:

Mwachita bwino kufunsa, amayi, safunsa anadya phula. Tani imodziyo amawerengera zonse zimene zakwera: inuyo, okwera nawo, chitsulo chokokera chija, labala, zonse. Ya zitseko zinayi nthawi zambiri imafika pafupi ndi tani kapena kucheperapo, ndipo nambala yeniyeni ili m'buku lake, muwauze akuonetseni tsambalo. Mukakhala anthu asanu m'kati, aliyense makilogalamu 70, ndiye kuti matumba asanu ndi awiri apita kale, kumbuyo kwatsala malo a 13. Ndikudziwa kuti kuno timasenzetsa mpaka mphuno kuloza kumwamba, koma masipuling'i akathyoka kapena chasesi ikapindika kuseri kwa kabini, oona za walanti amadziwa msanga kuti ndi katundu, ndipo salipira. Ngati matumba ndi ambiri, bwino ngolo yokoka kapena maulendo awiri. Poti ndatchula ngolo: soketi ya magetsi pa chitsulo chokokeracho muiyese komweko. Zinthu zoikidwa pambuyo ngati zimenezi ndi zimene zimakonda kuvuta kuposa za kufakitale.

Matumba opanda kanthu tengani, koma feteleza musiyeni. Makilomita 1,000 oyamba iyende yopepuka, osaikokera ngolo, osaithamangitsa kwambiri, komanso osaigwira pa liwiro limodzi ola lonse. Mabuleki nawo ndi atsopano, sanakhazikike. Pamapiri a Manenekela ndi pozungulira paja mukawoloka Luangwa kukwera ku Kacholola, tsikani ndi giya, musagonere buleki.

Musananyamuke ayeze mpweya wa matayala onse asanu inu mukuona. Pobwera pathiraki amawapopa kwambiri, ndipo akaiwala kuphwetsa, galimoto yopanda katundu imadumpha ngati mbuzi pamabampu. Mlingo woyenera walembedwa pamphuthu pa chitseko cha dalaivala. Mudzaze thanki ku Lusaka, ndipo munyamuke m'mawa. Ngati zatha madzulo, gonaninso. Pakati pa Nyimba ndi Sinda usiku kuli ng'ombe, ngolo zopanda nyali ndi mathiraki ofa opanda chizindikiro, ndipo inu mudzakhala musanaizolowere kukula kwake. Mukafika pa Nyimba muime mudye nthochi, muyang'ane pansi, mugwire mawilo ngati pali lotentha kuposa anzake.

Mayi wa Soya, Kapata:

Ndabwerako, ndafika Lamulungu cha m'ma 3 koloko masana. Ndati ndikuuzeni momwe zinayendera poti munandithandiza.

Tinafika kwa ogulitsa 8 koloko Lachisanu. Anali ataiika m'kati ndi riboni paboneti, wojambula ali chire, pepala lili kale patebulo. Ndinawapempha aitulutse panja. Mnyamata wogulitsayo nkhope inagwa pang'ono, koma sanakane, ndipo ataona kope langa anakaitana makanika wawo kuti aziyenda nafe. Bambo ameneyo anali woleza mtima, anandionetsa fyuluta ya dizilo ndi kapampu kake kawiri mpaka ndinachita ndekha.

Manambala a chasesi ndi injini anagwirizana paliponse kupatula pa pepala la inshuwalansi, pamene manambala awiri a injini anasinthana malo. Mwana wanga ndi amene anaona, yemwe uja ankati muopa chiyani. Bambo a ku Katete, ndinakukumbukani nthawi yomweyo. Anaimba foni, pepala lina linabwera masana. Sipeya tinatsitsa, zitsulo zonse zinalipo. Matayala onse asanu anali a chaka chimodzi, koma mpweya unali wopitirira kwambiri monga ananenera a makanika, anaphwetsa. Soketi ya ngolo, indiketa ya kumanzere siinkayaka. Ndipo pamwamba pa bodi, mbali ya kumanja pafupi ndi kabini, panali pobonyoka ngati chala chachikulu, pamene sindikanaona ndikanapanda kuyendetsa chikhatho.

Soketi anati akonza Loweruka m'mawa, ndiye sindinasaine Lachisanu. Ndinabwerera kwa achemwali anga ku Kaunda Square pa minibasi, vaneti ndikuisiya pomwepo, ndipo kunena zoona usiku umenewo sindinagone bwino. Loweruka tinayesa ndi ngolo yawo, magetsi onse anayaka. Pobonyokapo analemba pa delivery note kuti adzakonza mwaulere pa sevisi yoyamba, manijala anasaina ndi kudinda, kope ndili nayo m'chikwama pamodzi ndi chithunzi. Pamene zonse zimatha inali 1 koloko, ndiye tinagonanso n'kunyamuka Lamulungu 6 koloko. Mita inali pa 31 potuluka pageti. Ndinayendetsa ndekha mpaka pa Luangwa, mwana anatenga mpaka Petauke, ine n'kumalizitsa.

Mng'ono wanga anagula matumba 38 okha masiku amenewo, pamene ine ndikanagula owirikiza, ndipo alimi awiri amene ndimawadalira anagulitsa kwina. Mawa ndikupita ku Chadiza kukayamba kututa amenewo, khumi pa ulendo mpaka makilomita 1,000 akwane.

A makanika, ndikufuna kuikitsa zitsulo za m'mbali kumbuyoku kuti matumba asamagwe pamabampu. A ku Lusaka anandichenjeza kuti ndisawotcherere kapena kuboola pachasesi. Kodi alipo kuno amene amapanga zomangira ndi mabawuti m'mabowo amene alipo kale pabodi? Ndidzera kugalaja kwanu Lachitatu ndikabwerako ku Chadiza, mudzaione.